Kodi Wovala Thumba Pamimba Angathamangenso?

Amayi anzanga, pa zaka zomwe ndagwira ntchito ya unamwino ndi uzamba ndafunsidwa mafunso ambiri pakhonde la wodi, koma lilipo limodzi lomwe silindichoka m'mutu. Mayi wina anandikokera pambali n'kundifunsa motsitsa mawu kuti, "Anesi, ndiye kuti mwana wangayu wathera pomwepa?" Mwana wawoyo anali mphunzitsi wa kupulayimale, wa zaka za m'ma 20, amene ankathamanga m'mawa uliwonse asanapite kusukulu, ndipo Loweruka ankasewera ntchemberembaye. Anadwala taifodi, matumbo anabooka, ndipo pofuna kupulumutsa moyo wake madokotala anatulutsira nsonga ya thumbo pamimba. Atatsitsimuka anapeza thumba litamatidwa chakumanja kwa mchombo.

Ndinawayankha mayiwo kuti ayi, sanathere pomwepo. Munthu wovala thumba lotere angathe kuyenda, kugwira ntchito, kuvina ndiponso kuthamanga. Koma pali ndondomeko yake, ndipo inu amene mumazonda odwala m'miphakati ndi bwino muidziwe. Ndaona kuti m'makomo mwathu timaletsa zomwe zikanamuthandiza wodwalayo, n'kumalola zomwe zingamuvulaze. Timamukaniza kuyenda poopa kuti "matumbo atuluka", koma pakangotha masabata atatu timamusiya asenze ndowa ya madzi.

Kabowo kameneka n'chiyani?

Madokotala amakatcha sitoma. Pamene mbali ina ya matumbo yawonongeka kapena ikufunika kupuma kuti ipole, dokotala amaboola khoma la mimba, n'kutulutsa nsonga ya thumbo ndi kuisokerera pakhungu. Chimbudzi chimatulukira pamenepo n'kugwera m'thumba lomatidwa pakhungu. Sitoma ilibe minofu yotsekera, choncho munthu sangathe kudzigwira ngati kale. Thumba ndi limene limagwira ntchito imeneyo.

Mitundu yomwe timaiona kawirikawiri ndi iwiri. Ngati atulutsa thumbo lalikulu, opaleshoniyo imatchedwa colostomy, ndipo nthawi zambiri kabowoko kamakhala kumanzere. Chimbudzi chake chimakhala cholimbako. Ngati atulutsa thumbo laling'ono, imatchedwa ileostomy, kabowoko kamakhala kumanja, ndipo zotuluka zimakhala zamadzimadzi ngati phala. Funsani wodwala wanu kuti wake ndi mtundu uti, chifukwa malangizo a zakumwa ndi zakudya amasiyana.

Kuno kwathu zifukwa zodziwika ndi izi: kupotana kwa thumbo lalikulu, komwe kumagwira kwambiri abambo, kubooka kwa matumbo chifukwa cha taifodi, khansa ya m'matumbo, kuvulala pamimba pa ngozi, ndi ana obadwa opanda njira ya chimbudzi. Nthawi zina mayi amene wang'ambika kwambiri pobereka, mpaka njira ya chimbudzi kulumikizana ndi njira ya mwana, amamuikanso sitoma kwa kanthawi kuti pokonzedwapo papole. Palibe chilichonse mwa izi chomwe chimabwera chifukwa cholodzedwa, ndipo sitoma sipatsirana. Ena amakhala nayo miyezi ingapo kenako dokotala amabwezera thumbo m'kati, ena amakhala nayo moyo wonse.

Sitoma yabwinobwino imakhala yofiira ndi yonyowa ngati m'kati mwa tsaya. Simva kupweteka ukaikhudza, ndipo potsuka imatha kutuluka timagazi pang'ono ngati nkhama. Poyamba imakhala yotupa, koma imaphwa pang'onopang'ono m'masabata 6 mpaka 8.

Ena anadutsamo kale

Ambiri a inu mukukumbukira Papa Yohane Paulo Wachiwiri, amene anatiyendera kuno ku Malawi mu Meyi 1989. Ataomberedwa pa bwalo la Petulo Woyera pa 13 Meyi 1981, chipolopolo chinavulaza matumbo ake, ndipo madokotala a pa chipatala cha Gemelli ku Rome anamuika colostomy ya kanthawi. Anaitseka mu Ogasiti chaka chomwecho. Atachira anabwerera ku maulendo ake ataliatali ndi kokayenda m'mapiri, komwe ankakukonda.

Thumba lomata pakhungu lomwe tikugwiritsa ntchito lero linaganiziridwa ndi namwino wa ku Denmark, Elise Sørensen, mu 1954. Mchemwali wake Thora anali atachitidwa opaleshoni imeneyi ndipo ankaopa kutuluka m'nyumba poganiza kuti adziwonongera pagulu. Choncho cholinga cha thumbali kuyambira pachiyambi chinali choti munthu atuluke panja, osati abindikire.

Pankhani ya kuthamanga, mayi wina woulutsa mawu pa wailesi ku Britain, Adele Roberts, anapezeka ndi khansa ya m'matumbo mu 2021 ndipo anamuika ileostomy. Mu 2023 anathamanga mpikisano wa London Marathon, mtunda wa makilomita 42, n'kumaliza m'maola atatu ndi theka, thumba lili pamimba. Sindikunena kuti wodwala wanu achite zomwezo. Ndikungosonyeza kuti thumba palokha si limene limamuimitsa munthu.

Choopsa choyamba: chotupa cha pambali pa sitoma

Khoma la mimba lili ndi minofu yomwe imagwira matumbo kuti akhale m'malo mwake. Dokotala akaboola kuti adutsitse thumbo, pamalopo pamakhala pofooka. Munthu akadzikakamiza, monga ponyamula katundu wolemera, kutsokomola kwambiri kapena kudzimbidwa, matumbo ena amakankhira pofookapo n'kupanga chotupa pansi pa khungu, pafupi ndi sitoma. Madokotala amachitcha hernia. Ndi vuto lofala kwambiri pakati pa anthu okhala ndi sitoma, ndipo likabwera thumba limavuta kumata, limayamba kudontha, mwinanso pamafunika opaleshoni ina.

Tsono taganizirani ntchito za tsiku ndi tsiku za mayi wa kuno. Ndowa ya malita 20 imalemera makilogalamu 20. Mwana wa chaka chimodzi amalemera pafupifupi makilogalamu 10. Onjezani mtolo wa nkhuni, musi, khasu, ndi beseni la zovala zonyowa. Zonsezi zimakakamiza khoma la mimba kuposa kuthamanga pang'onopang'ono pamalo osalala. M'masabata 6 oyamba wodwala asanyamule chinthu cholemera kuposa ketulo yodzaza madzi. Ntchito zolemetsa monga kutunga madzi, kusinja, kulima ndi kubereka mwana kumbuyo zidikire mpaka patatha miyezi itatu, ndipo ayambe pang'onopang'ono dokotala atavomereza.

Izi sizikutanthauza kuti azingogona. Minofu yomwe sikugwira ntchito imafooka, ndipo kunenepa kwa pamimba kumawonjezera chiopsezo cha chotupacho. Kusuta fodya nakonso kumachedwetsa kupola kwa bala ndi kubweretsa chifuwa. Njira yotetezera ndi kulimbitsa minofu mwanzeru, osati kuileka.

Choopsa chachiwiri: kutha madzi m'thupi

Ntchito yaikulu ya thumbo lalikulu ndi kubweza madzi ndi mchere m'thupi. Munthu wa ileostomy chakudya chake sichifikanso kumeneko, ndiye amataya madzi ndi mchere wambiri tsiku lililonse. Thupi likazolowera, zotuluka zimakhala pakati pa theka la lita ndi lita imodzi patsiku. Mukaonjezerapo thukuta la mu Okutobala ndi Novembala, munthu amatha kufooka msanga, ndipo zikapitirira impso zimavulala.

Zizindikiro zake ndi ludzu, kuuma m'kamwa, mutu, chizungulire poimirira, kukokana kwa minofu ya m'miyendo, ndi mkodzo wochepa wa mtundu wa tiyi. Mkodzo ndiye mlonda wabwino: uzikhala wotuwa moyera, osati wachikasu kwambiri.

Apa pali mfundo yomwe ambiri saidziwa. Ngati zotuluka m'thumba zachuluka ndipo zili madzi okhaokha, kumwa madzi wamba ambiri nthawi imodzi kumangowonjezera kutaya mchere. Chofunika ndi madzi a mchere ndi shuga, omwe timawadziwa kuti Thanzi ORS, amene timapatsa ana otsegula m'mimba. Ngati paketi palibe, thirani masupuni a tiyi 6 a shuga osasefukira ndi theka la supuni ya tiyi ya mchere mu lita imodzi ya madzi aukhondo. Azimwa pang'onopang'ono tsiku lonse. Amene ali ndi vuto la kuthamanga kwa magazi, mtima kapena impso afunse kaye kuchipatala za kuchuluka kwa mchere womwe angamwe.

Masabata awiri oyamba

Ulendo wobwerera ku kuthamanga umayambira pa bedi la m'chipatala. Tsiku lotsatira opaleshoni, kapena dokotala akangolola, timamudzutsa wodwala kuti akhale pampando ndi kuyenda masitepe ochepa. Achibale ena amationa ngati ankhanza, koma kuyenda kumeneku kumateteza chibayo, kumaletsa magazi kuundana m'mitsempha ya m'miyendo, ndipo kumathandiza matumbo kuyambanso kugwira ntchito.

Podzuka asadzuke chagada ngati wadzidzimuka. Apinde mawondo, atembenukire chammbali, atsitse miyendo pansi, kenako adzikankhe ndi mkono. Pofuna kutsokomola kapena kuyetsemula agwirizize pamimba ndi manja kapena ndi chitenje chopindapinda. Akafika kunyumba aziyenda mphindi 5 mpaka 10, kawiri kapena katatu patsiku, kuzungulira pabwalo, kenako agone apume.

Kuyambira sabata yachitatu mpaka yachisanu ndi chimodzi

Iyi ndi nthawi yowonjezera kuyenda. Sabata iliyonse aonjezere mphindi zochepa mpaka azitha kuyenda mphindi 20 kapena 30 pamalo osalala. Aziyenda wowongoka, osati wowerama atagwira pamimba. Ngati tsiku lotsatira wadzuka wotopa kwambiri kapena bala likuwawa, ndiye kuti dzulo anapitiriza muyeso, abwerere pa mtunda wa poyamba.

Pa nthawi yomweyi ayambe kudzutsa minofu ya m'kati mwa mimba. Amayi amene munabereka, zina mwa izi tinakuphunzitsani kusikelo. Agone chagada pamphasa, mawondo atapinda, mapazi ali pansi. Apume mpweya m'kati mofatsa, ndipo potulutsa mpweya akokere m'kati mimba ya m'munsi mwa mchombo pang'ono, n'kugwira powerenga mpaka 5, akupumabe. Abwereze kasanu, kenako kakhumi. Chachiwiri, afinye minofu yomwe timafinya tikafuna kuletsa mkodzo, agwire pang'ono, n'kumasula. Chachitatu, ali chigonere choncho akanikize msana wa m'munsi pamphasa n'kumasula. Chachinayi, agwetsere mawondo onse awiri kumanja pang'onopang'ono, kenako kumanzere. Zonsezi zisamapweteke. Asachite masewero odzuka chagada n'kukhala tsonga mobwerezabwereza, kapena okweza miyendo yonse iwiri pamodzi, chifukwa amakankha matumbo pofooka paja.

Kuyambira sabata 6 mpaka miyezi itatu

Akapita kokaonedwa kuchipatala, afunse dokotala mosazungulira kuti, "Kodi ndingayambe liti kuyenda mwandawala, ndipo ndingathamange liti?" Yankho limadalira mtundu wa opaleshoni, mmene bala lapolera, kuchuluka kwa magazi m'thupi, ndi matenda omwe anachititsa opaleshoniyo. Amene akulandira mankhwala a khansa amatopa msanga. Amene anachotsedwa njira ya chimbudzi yonse amakhala ndi bala lina kumunsi lomwe limachedwa kupola. Amene anaonda kwambiri ndi taifodi amafunika kubwezeretsa thupi kaye.

Dokotala akalola, ayambe kuyenda mwandawala, kukwera timitunda, ndi kugwira ntchito zopepuka za pakhomo monga kuphika ndi kusesa ndi tsache lalitali. Ponyamula chinthu, ngakhale chopepuka, apinde mawondo, achiyandikize kuthupi, ndipo atulutse mpweya pamene akunyamula. Asamagwire mpweya m'chifuwa.

Kuyamba kuthamanga

Kwa ambiri amene anang'ambidwa pamimba, nthawi yabwino yoyesa ndi patatha miyezi itatu. Pali zinthu zinayi zoti zikwaniritsidwe kaye: dokotala wavomereza, bala lapola ndipo silikutuluka madzi, munthu akutha kuyenda mwandawala mphindi 30 popanda kupweteka, ndipo palibe chotupa pambali pa sitoma.

Akulu anati kuthamanga sikufika, ndipo pano mwambiwu ukugwira ntchito ndendende. Njira yabwino ndi yosakaniza kuthamanga ndi kuyenda, katatu pa sabata, kusiya tsiku lopuma pakati. Tsiku lililonse ayambe ndi kuyenda mphindi 5 ndipo amalize ndi kuyenda mphindi 5.

M'masabata awiri oyamba athamange mphindi imodzi, ayende mphindi ziwiri, abwereze kasanu kapena kasanu ndi kamodzi. M'masabata awiri otsatira athamange mphindi ziwiri, ayende ziwiri. Kenako athamange zitatu, ayende imodzi kapena ziwiri. Akapitiriza choncho, pakatha miyezi iwiri kapena itatu ambiri amatha kuthamanga mphindi 20 osaima. Ngati alibe wotchi, awerenge mapolo a magetsi kapena mitengo ya m'mbali mwa msewu: kuthamanga mapolo awiri, kuyenda anayi. Liwiro loyenera ndi lomwe munthu angathe kulankhula ndi mnzake akuthamanga. Akayamba kulephera kumaliza chiganizo, achepetse.

Asankhe malo osalala monga bwalo la sukulu kapena la tchalitchi, pafupi ndi chimbudzi. Athamange m'mamawa kapena dzuwa litapendeka, osati masana. Masiku oyamba amamva thumba likugwedezeka ndipo dzanja limangothamangira pamimba. Zimenezo zimatha akazolowera. Chomwe sayenera kuchinyalanyaza ndi kupweteka kobaya, kapena kumva ngati china chikukoka kapena kulemera pafupi ndi sitoma. Akamva zimenezo aime, ayende kubwerera kunyumba, ndipo zikabweranso apite kuchipatala.

Ntchemberembaye ndi mpira wa miyendo zibwere pomaliza, chifukwa muli kudumpha, kutembenuka mwadzidzidzi ndi kugundana, ndiponso mpira ungamenye pa sitoma. Ziliko zotchingira sitoma zolimba zopangidwira masewero otere. Afunse kuchipatala asanabwerere m'bwalo.

Kusamala thumba

Asanatuluke akhuthule thumba. Lamulo la tsiku lililonse ndi lakuti likhuthulidwe likafika pa gawo limodzi mwa magawo atatu, kapena theka likachuluka, chifukwa likalemera limakoka chomatira n'kuyamba kudontha. Thumba latsopano limafuna nthawi kuti ligwire khungu bwino, choncho asalimate n'kuthamanga nthawi yomweyo. Alisinthe dzulo lake, kapena maola angapo asanatuluke. Nthawi yabwino yosinthira ndi m'mawa asanadye, pamene matumbo ali phee.

Posintha atsuke khungu ndi madzi okha, aumitse bwinobwino, ndipo asadzole Vaseline, mafuta kapena sopo wonunkhira pamalo pomatapo, chifukwa thumba silingagwire. Bowo la chomatira lidulidwe molingana ndi sitoma, kusiya mpata wa mamilimita awiri kapena atatu basi. Likakula, chimbudzi chimakhudza khungu n'kuliwotcha, makamaka kwa a ileostomy. Popeza sitoma imaphwa m'masabata oyamba, ndipo thupi limasintha munthu akanenepa kapena kuonda, aziyeza kawirikawiri.

Tinene zoona: matumba amenewa sapezeka nthawi zonse, ndipo ogula ndi okwera mtengo. Thukuta limafupikitsa masiku omwe thumba limakhala pakhungu. Ndiye ngati atsala ndi ochepa, ndi bwino kuyenda mwandawala m'mawa kukuzizira kusiyana ndi kuthamanga mpaka kunyowa. Akabwera kothamanga apukute m'mbali mwa chomatira ndi kansalu kouma. Ndaonapo odwala akumata mapepala a pulasitiki a shuga ndi tepi chifukwa chosowa pogwira, ndipo khungu lawo linali zilonda zokhazokha. Matumba akatsala pang'ono apite msanga kuchipatala komwe anachitidwa opaleshoni, asadikire lomaliza.

Zovala zimathandiza kwambiri. Kabudula wa lasitiki wofika pamwamba pa mchombo, kapena lamba wansalu yotanuka wozungulira mimba, amagwira thumba kuti lisalendewere. Amayi odziwa makina osokera mungathe kusoka lamba wotere, wotambalala ngati chikhatho ndi theka, wokhala ndi kathumba m'kati kolowetsamo nsonga ya thumba. Asathine mpaka kutsekereza zotuluka. Chingwe cha siketi, lamba wa buluku kapena mfundo ya chitenje zisadutse pa sitoma penipeni, zikhale pamwamba kapena pamunsi pake. Potuluka atenge thumba lina lapadera, kansalu ndi botolo la madzi.

Zakudya

Odwala ambiri amadzimana chakudya akafuna kutuluka, poganiza kuti thumba likhala lopanda kanthu. Zimenezi sizithandiza. Mimba yopanda chakudya imadzaza mpweya, zotuluka zimakhala zamadzi, ndipo munthu amachita chizungulire. Adye chopepuka, monga phala, nthochi yakupsa kapena buledi, ola limodzi kapena awiri asanathamange. Aliyense aphunzire matumbo ake: pali maola omwe sitoma imagwira ntchito kwambiri, makamaka atangodya, ndi maola omwe imakhala chete.

Zakudya zomwe zimalimbitsa zotuluka ndi nsima ya ufa woyera, mpunga, nthochi zakupsa, mbatata yosenda ndi chiponde chosalala. Zomwe zimadzaza mpweya m'thumba ndi nyemba, kabichi, anyezi, mowa ndi zakumwa za gasi. Sikuti asiyiretu, koma asadye zimenezi usiku woti mawa athamanga. Kwa a ileostomy pali zakudya zomwe zingatseke njira ngati sizinatafunidwe bwino: mtedza wokazinga, chimanga chootcha, mbuliwuli, mango a ulusi, makoko a zipatso ndi ndiwo zamasamba za mitsitsi yolimba. M'masabata oyamba azipewe, kenako ayese chimodzichimodzi, pang'ono, akutafuna mpaka zisalale. Kuti bala lipole ndi minofu ibwerere, thupi limafuna mazira, nsomba, usipa, nyama, mkaka ndi soya.

Zizindikiro zofunika kuthamangira kuchipatala

Musadikire kuti kuche ngati muona chimodzi mwa izi. Sitoma yasintha mtundu, yada kapena yatuwa. Magazi akutuluka m'kati mwa sitoma kapena sakusiya. Wa ileostomy watha maola 6 osatulutsa kanthu, mimba ikupotokola, yatupa, kapena akusanza. Wa colostomy wasiya kutulutsa chimbudzi ndi mpweya womwe, ndipo mimba yatupa ndi kuwawa. Zotuluka zachuluka kupitirira lita imodzi ndi theka patsiku ndipo munthu akufooka, mkodzo wachepa. Chotupa cha pambali pa sitoma chalimba ndipo chikupweteka. Thumbo latuluka motalika kuposa masiku onse. Bala latseguka, likutuluka mafinya, kapena thupi latentha. Mwendo umodzi watupa ndi kuwawa, kapena munthu akubanika mwadzidzidzi. Musamupatse mankhwala otsegula m'mimba kapena azitsamba pofuna kutsegula njira, chifukwa mungaonjezere vuto.

Gawo lanu, amayi

Chomwe chimamanga odwala ambiri m'nyumba si bala, koma manyazi. Amaopa fungo, amaopa phokoso la mpweya pagulu, amaopa kuti thumba liphulika. Thumba lomatidwa bwino silinunkha, fungo limamveka pokhuthula pokha, monga zimakhalira m'chimbudzi cha aliyense. Pansi pa chovala siliwoneka. Wovala thumba angathe kuphikira banja, kudya mbale imodzi ndi anzake, kukhala malo amodzi ndi mwamuna kapena mkazi wake bala likapola, ndipo amayi ambiri okhala ndi sitoma amatenga pakati n'kubereka, bola ayambe sikelo msanga ndi kuberekera kuchipatala chachikulu.

Mukamva kuti mumphakati mwanu muli wodwala wotere, pali zinthu zinayi zomwe mungachite. Choyamba, gawanani masiku omutungira madzi, kumutolera nkhuni ndi kumuchapira kwa miyezi itatu yathunthu. Thandizo limachuluka sabata yoyamba, koma ngozi ya chotupa imabwera mwezi wachiwiri, pamene anthu aleka kubwera ndipo mayi wayamba kudzichitira yekha. Chachiwiri, mukapita kokamuona musangokhala naye pamphasa. Muuzeni avale nsapato, muyende naye mpaka pamsewu ndi kubwerera. Chachitatu, thandizani pa ndalama yoyendera kuti asaphonye tsiku lokaonedwa, makamaka amene akudikira opaleshoni yotseka sitoma. Chachinayi, sungani chinsinsi. Nkhani ya thumba ndi yake, ndipo ndi iye yekha woyenera kusankha woti amuuze. Mawu amodzi olankhulidwa pachitsime angathe kumubweza m'nyumba munthu amene anali atayamba kutuluka.

Musaiwale abambo. Ambiri mwa ochitidwa opaleshoni ya kupotana kwa matumbo ndi amuna, ndipo amafulumira kubwerera kumunda, pa kabaza kapena kokweza matumba a chimanga a makilogalamu 50 pofuna kudyetsa banja. Ngati ndi amuna anu, alongo anu kapena ana anu, afotokozereni kuti miyezi itatu yodikira ndi yochepa poyerekeza ndi opaleshoni yachiwiri.

Mphunzitsi uja anakhala masabata asanu osatuluka pageti. Amene anamutulutsa ndi mayi ake omwe aja, atamvetsa kuti kuyenda si kumene kungamuvulaze. Iwo anatenga ntchito ya ndowa, ndipo madzulo aliwonse ankayenda naye mpaka pachigayo. M'mwezi wachinayi anabwera kudzationa ali ndi nsapato zothamangira kumapazi, n'kutiuza kuti wazungulira bwalo la sukulu kawiri, thumba osasuntha. Patapita miyezi ina madokotala anabwezera thumbo lake m'kati, ndipo anayambiranso ndondomeko yomweyi kuchokera pa mphindi 5 zoyenda pabwalo. Ngati m'dera lanu muli wina amene wabindikira chifukwa cha thumba, muwerengereni nkhaniyi, ndipo mumufunse tsiku lomwe mungayambe kuyenda naye.